Mkodzo ukada pa maphunziro a usilikali: mmene mungadziwire msanga kuti impso zathodwa

Inu amene mukupita kukayamba maphunziro a usilikali, kapena mwayamba kale ndipo ntchafu zikukana kutsika masitepe, zolowerani kuyang'ana mkodzo wanu musanachoke m'chimbudzi. Ndagwirapo ntchito ya unamwino pachipatala cha pamsasa wophunzitsira asilikali atsopano, ndipo chimene ndinaona kumeneko n'chakuti impso zikayamba kuvutika sizipweteka. Ambiri amene amabwera atagwira m'chiuno n'kumati “impso zikundiwawa” amakhala kuti ndi minofu ya msana imene yatopa ndi chikwama. Amene impso zawo zili pangozi yeniyeni amadandaula zina: mikono yosawongoka, mseru, kufooka. Za mkodzo satchula mpaka utawafunsa kawiri.

Impso ziwirizi zimasefa madzi okwana malita pafupifupi 180 patsiku kuchokera m'magazi, koma ambiri zimawabwezera m'thupi, n'kutaya lita imodzi kapena awiri okha. Munthu akakhala phee, gawo limodzi mwa magawo asanu a magazi amene mtima ukupopa limapita ku impso. Mukayamba kuthamanga mutasenza katundu dzuwa likuswa mtengo, thupi limapatutsa magazi aja kuti apite kumiyendo ndi kukhungu, impso n'kutsala ndi ochepa. Zokhazo impso zimapirira, ndi mmene zinapangidwira. Zimagonja pamene pakuchepa kwa magazi paja pasanjikizana zina: madzi atha m'thupi, thupi latentha, minofu yaphwanyika, kenaka munthu n'kumezanso mapiritsi opha ululu.

Kuphwanyika kwa minofuko ndi kumene kumagwetsa asilikali atsopano ambiri. Minofu ikagwira ntchito yopyola mphamvu zake, makamaka ntchito imene sinaizolowere, maselo ake amaphulika n'kukhuthulira m'magazi zonse zimene zinali mkati. Madokotala amati rhabdomyolysis, mwachidule rhabdo. Mwa zotulukazo muli myoglobin, puloteni yofiirira imene imasunga mpweya m'minofu. Ikafika yochuluka ku impso zouma kale, imaundana m'timachubu tosefera, kutitseka ndi kuwononga makoma ake. Mu 1941, ofufuza awiri a ku London, Eric Bywaters ndi Desmond Beall, analemba za anthu amene ankafukulidwa m'nyumba zogwa ndi mabomba: ankatuluka akuoneka kuti apulumuka, koma patapita masiku mkodzo unkachepa mpaka kuleka, chifukwa cha minofu imene inapsinjika. Kwa msilikali wophunzira palibe khoma limene limamugwera. Zimene zimaphwanya minofu yake ndi ma squat a chilango osawerengeka, ma push-up mpaka mikono kunjenjemera, kudumpha kwa chule kuzungulira bwalo, kuthamanga kotsetsereka chikwama chili kumsana. Masewera onsewa ali ndi mbali imodzi yofanana, yakuti mnofu umatambasuka utanyamula katundu, ndipo mbali imeneyo ndi imene imang'amba kwambiri.

Musaganize kuti zimagwira ofooka okha. Wofooka amagwa msanga n'kuleka. Amene ndinkamuopera ine ndi mnyamata wamphamvu zake, amene ankasewera mpira kapena kunyamula zitsulo koma wakhala miyezi ali chikhalire, ndipo tsopano akufuna asajeni amuone. Mtima ndi mapapo zimamulola kupitirira, pamene minofu inasiya kale kuzolowera. Masabata oyamba ndi amene ali oopsa.

Kayang'anidwe ka mkodzo

Kumsasa mumadzuka kusanache, zimbudzi zilibe kuwala kokwanira, ndipo mkodzo ukagwera m'ngalande kapena m'dzenje mtundu wake simungauone. Choncho sungani kabotolo koonekera mkati, kotsuka bwino, ndipo m'mawa wotsatira tsiku lililonse la ntchito yakalavulagaga kodzerani mmenemo, muunike ndi tochi kapena mukweze pawindo. Anzanu akuseketsani tsiku loyamba, lachitatu adzabwera kudzakubwerekani.

Mkodzo wachikasu chotuwa ndi wabwino. Wachikasu kwambiri, wafungo lamphamvu, wochepa, ukunena kuti madzi achepa m'thupi: imwani, ndipo mukakodzanso kamodzi kapena kawiri uyenera kuyamba kuyera. Koma ukakhala wabulauni ngati tiyi wakuda wopanda mkaka, kapena wofiira, musadikire kuti muone mawa. Tsekani botololo, mulitenge, mupite nalo kuchipatala nthawi yomweyo, perete wam'mawa asanayambe n'komwe.

Apa pali msampha umene umapusitsa ambiri. Myoglobin sikhalitsa m'magazi, imachoka m'maola ochepa. Ndiye zimatheka kukodza mkodzo wakuda usiku, kumwa madzi ambiri, n'kupeza mawa lake wayera, munthu n'kuti zatha. Pamenepo minofu ingakhale ikuphwanyikabe, ndipo zimene zachitika ku impso zimaonekera m'magazi mochedwa. Ngati munaona mkodzo wabulauni ngakhale kamodzi kokha, kanenedi, wayera kapena sunayere. Mbali inayo ndi yakuti ambiri odwala rhabdo saona n'komwe mkodzo wakuda. Mabuku amatchula zizindikiro zitatu, kuwawa kwa minofu, kufooka ndi mkodzo wakuda, koma amene amabwera nazo zonse zitatu pamodzi ndi ochepa. Mkodzo woyera si chikalata chakuti muli bwino ngati minofu ikunena zina.

Kuchuluka kwake nakonso n'kofunika, mwinanso kuposa mtundu. Muyezo umene timagwiritsa ntchito ndi uwu: munthu akamatulutsa mkodzo wosafika theka la mililita pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa ola, kwa maola 6, impso zayamba kuvulala. Kwa munthu wolemera makilogalamu 70, amenewo ndi mamililita 210 pa maola 6, kapu imodzi yosadzaza. Simungamayende ndi choyezera kuthengo, koma mungathe kukumbukira nthawi imene munakodza komaliza. Ngati kuchoka m'mawa mpaka masana simunakodze, imwani, pumulani pamthunzi, muone. Ngati mwamwa mabotolo angapo, mwapuma, koma kukutuluka timadontho tokha, limenelo si ludzu ayi. Lekani kudzikakamiza kumwa ndipo pitani kuchipatala, chifukwa madzi amene impso zikulephera kutulutsa amayamba kudzaza m'thupi. Mudzaona zikope zotupa m'mawa, jombo kuthina, sokosi kusiya mzere wozama pamwamba pa kakolo, ndipo zikafika poipa, kubanika mukagona chagada.

Kusiyanitsa kutopa wamba ndi minofu yophwanyika

Aliyense pa maphunziro amenewa amamva kuwawa, ndipo n'chifukwa chake wodwala weniweni amabisika pakati pa anzake. Kuphwanya kwa thupi kwa masiku onse kumayamba patapita maola angapo kapena tsiku, kumafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu, ndipo mukayamba kuyenda minofu ikatenthedwa kumachepa. Mumadandaula, koma mwendo ukunyamulani.

Kwa rhabdo n'kosiyana. Kumawawa ngakhale mutangogona osagwedezeka. Mnofu umatupa, kulimba, kuwawa pokhudza. Ndipo mphamvu zimathadi: si kuti mukuopa ululu, koma mkono ukukana kukwera.

Mnyamata wina analowa m'chipinda chathu mikono yonse iwiri itapindika pachigongono, manja ali patsogolo pa mimba. Mabatani a malaya anali osamanga, ndipo zingwe za jombo anamumangira ndi mnzake amene anamuperekeza. Dzana lake gulu lawo linapatsidwa chilango cha ma push-up. Ndinagwira dzanja lake kuti ndiwongole mkono, iye n'kuimirira ndi zala za kumapazi chifukwa cha ululu. Kumbuyo kwa mikono kunali kotupa, kolimba gwa. Mawu ake anali akuti, “Adokotala, ndi kutopa chabe, mungondipatsako Brufen ndibwerere, anzanga akundisiya.” Nditamufunsa za mkodzo anayang'ana pansi, mnzake uja ndi amene anayankha kuti dzulo unali wakuda. Tinaviika kapepala koyezera mumkodzo wake, ndipo kachigawo kosonyeza magazi kanasanduka kobiriwira modera nthawi yomweyo. Koma ku labotale atauyang'ana pa maikulosikopu sanapezemo maselo ofiira a magazi. Kusagwirizana kumeneko ndiye chidindo cha myoglobin: kapepala kamaiona ngati magazi pamene magazi mulibe. Anagona masiku angapo ali pa diripi, impso zake zinapulumuka, ndipo anadzamaliza maphunziro ndi gulu lotsatira. Brufen amene ankapempha uja, amene ndi dzina lina la ibuprofen, ndi mankhwala amene akanamuvulaza kwambiri tsiku limenelo.

Kutupa kukakula pamsongolo, pantchafu kapena pamkono, khungu n'kumanyezimira, ululu n'kumakulirakulira mosagwirizana ndi zimene mwachita, phazi kapena zala n'kuchita dzanzi, imeneyo ndi ngozi ya maola osati masiku. Mnofu wotupa umakhala ukupana mitsempha yake yomwe, ndipo nthawi zina pamafunika opaleshoni.

Pali zizindikiro zina zimene zokha sizinena zambiri, koma zikabwera pambuyo pa ntchito yolemetsa muziziwerengera: mseru wosatha, kusanza, kusafuna chakudya kwa munthu amene masiku onse amapempha chowonjezera, mutu, tulo tosadziwika bwino, kutentha thupi. Mtima ukamagunda modumphadumpha kapena mukamamva kuti mukomoka, thamangirani thandizo, chifukwa minofu yophwanyika imatulutsanso potaziyamu, mtundu wina wa mchere wa m'thupi, ndipo impso zikalephera kumutaya amasokoneza kagundidwe ka mtima. Mnzanu akayamba kuyankha zosagwirizana, kuyenda mozandima, kukalipa popanda chifukwa, kapena kugwa pa kutentha, ganizirani kuti thupi lake lapyola madigiri 40. Muvuleni katundu ndi zovala zolemera, mumuthire kapena kumumiza m'madzi ozizira pomwepo, kwinaku wina akuitana achipatala. Kuziziritsa kuyambe galimoto isanabwere, ndipo musadikire kuti thukuta lileke kaye, chifukwa ambiri amagwa akutulukabe thukuta.

Za mapiritsi ndikhalitsepo, popeza ndi chinthu chimene mungathe kuchiletsa nokha. M'chipinda chilichonse chogona asilikali atsopano mumakhala munthu mmodzi amene ali ndi ibuprofen kapena diclofenac m'bokosi mwake, ndipo amagawira anzake mwachifundo. Ena amameza awiri asanayambe ulendo wautali kuti mawondo asawawe. Magazi opita ku impso akachepa, impso zimadziteteza potulutsa timadzi totchedwa prostaglandin, timene timatsegula mitsempha yolowetsa magazi. Ibuprofen, diclofenac, naproxen ndi abale awo amapha ululu poletsa timadzi tomweto. Ndiye mukameza musanathamange padzuwa, mwatseka njira yokhayo imene impso zikanadzithandizira, komanso mwazimitsa ululu umene ukanakuuzani kuti muleke. Ngati pakufunikadi chopha ululu, paracetamol pa mlingo wolembedwa papaketi ndi wofatsa kwa impso, koma ululu umene ukufuna mapiritsi tsiku ndi tsiku kuti mudzuke uyenera kuonedwa ndi wachipatala. Maufa ndi zakumwa zopatsa mphamvu zodzaza kafini zimakukankhirani kupyola pamene thupi likanaima. Mowa wa tsiku lopuma umakuumitsani madzi Lolemba lisanafike. Ngati mumamwa mankhwala ochepetsa mafuta m'magazi a mtundu wa statin, kapena mankhwala ena alionse a tsiku ndi tsiku, anene poyambirira. Nenaninso ngati mumamwa creatine, ufa umene ena amamwa pofuna kukulitsa minofu, chifukwa angathe kukweza nambala ya creatinine imene timayezera impso, ife n'kuwerenga zolakwika.

Matenda a sabata yatha nawonso amawerengedwa. Chimfine chotentha thupi, malungo, kutsegula m'mimba, kusanza: zonsezi zimakusiyani ndi madzi ochepa ndi minofu yosachedwa kuvulala, ngakhale inu mukumva kuti mwachira. Kulowa mumpikisano wothamanga mutadzuka ndi thupi lotentha si kulimba mtima. Ndipo ngati kubanja kwanu kuli matenda a sickle cell, yezetsani mudziwe ngati munatengera mbali imodzi, kutanthauza kwa kholo limodzi lokha. Munthu wotere amakhala wathanzi ndipo angathe kukhala msilikali wabwino. Kafukufuku amene anatuluka mu 2016 mu New England Journal of Medicine, pa asilikali akuda a ku America pafupifupi 48,000, anapeza kuti amene anali ndi mbali imodziyo ankadwala rhabdo kwambiri ndi 54 peresenti kuposa anzawo, ngakhale imfa sizinachuluke pakati pawo. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti fodya ndi kunenepa kwambiri nazonso zimakweza ngoziyo. Wotengera sickle cell akamva miyendo kufooka mwadzidzidzi ali pakati pothamanga, mutu uli bwinobwino koma miyendo ikukana, aime pomwepo ndipo anene.

Kamwedwe ka madzi ambiri amakamva molakwika, amaganiza kuti ochuluka ndiye abwino. Yambani tsiku mutamwa kale, imwani pang'onopang'ono ntchito ili mkati, ndipo madzulo bwezerani zimene zatayika. Ngati pali sikelo, dziyezeni musanayambe ndi mutamaliza: kilogalamu iliyonse imene yachoka ndi lita imodzi ya madzi, ndipo kutaya kopitirira 2 peresenti ya kulemera kwanu, makilogalamu 1.4 kwa munthu wa 70, ndiye kuti mwatsalira. Koma kukhuthulira malita ambiri nthawi imodzi kumasungunula mchere wa m'magazi, ubongo n'kutupa, ndipo asilikali ophunzira anafapo ndi zimenezi. Malangizo a gulu lankhondo la America amaika malire a malita pafupifupi 1.4 pa ola ndi 11 patsiku, ngakhale kutatentha motani. Zizindikiro zake, mutu, mseru, kusokonezeka, zimafanana ndi za kuchepa kwa madzi, ndiye mnzanu amene wakhala akumwa kwambiri n'kuyamba kubalalika musamuwonjezere madzi. Idyani chakudya chanu chonse, chifukwa mchere umene watuluka ndi thukuta umabwerera kudzera m'mbale. Thupi limafuna masiku 10 mpaka 14 kuti lizolowere kugwira ntchito pa kutentha, choncho amene muli ndi nthawi musanapite, yambani kuthamanga, ma squat ndi ma push-up panopa, kuwonjezera pang'ono sabata ndi sabata.

Mukafika kuchipatala musangoti “thupi likuphwanya,” chifukwa mawu amenewo tawamva kwa anthu makumi angapo m'mawa womwewo ndipo mudzatuluka ndi mapiritsi. Nenani zimene munachita ndi tsiku lake, minofu imene yatupa, mtundu wa mkodzo, nthawi imene munakodza komaliza, madzi amene mwamwa, ndi piritsi lililonse limene mwameza, ngakhale lopatsidwa ndi mnzanu. Palibe amene akukalipireni. Funsani mwaulemu ngati angakuyezeni mkodzo ndi magazi. M'magazi timayang'ana CK, imene imasonyeza kuchuluka kwa minofu yophwanyika: ikapitirira kasanu pa muyezo wabwinobwino, cha m'ma 1,000, timayamba kunena za rhabdo, ndipo ikadutsa 5,000 nkhawa ya impso imakula. CK imakwerabe kwa tsiku limodzi mpaka atatu chivulalireni. Timayang'ananso potaziyamu ndi creatinine. Creatinine amachedwa kukwera, moti angathe kuoneka wabwino tsiku loyamba impso zitavulala kale. N'chifukwa chake mukauzidwa kuti mubwerenso mawa kudzayezedwa kachiwiri, bwererani ngakhale mukumva bwino.

Si mkodzo wofiira uliwonse umene uli rhabdo. Kuguba mtunda wautali panthaka yolimba kumatha kuphwanya maselo ofiira m'mapazi, mkodzo n'kufiira kwa maola ochepa, zimene zinalembedwa koyamba mu 1881 pa msilikali wina wa ku Germany. Likodzo, miyala ya mu impso ndi matenda a m'chikhodzodzo zimatulutsa magazi enieni. Mankhwala a TB a rifampicin amafiiritsa mkodzo, vitamini B2 amauchititsa chikasu chowala. Kusiyanitsa zimenezi ndi ntchito ya labotale, inu musadziweruze nokha m'chimbudzi.

Ndikudziwa chimene chimakutsekani pakamwa. Mukuopa kutchedwa waulesi, mukuopa kubwezedwa m'gulu la m'mbuyo, ndipo ena mukuopa kubwerera kwanu chimanjamanja abale atakuperekezani ndi chimwemwe. Koma werengani bwino. Rhabdo yogwidwa tsiku loyamba kapena lachiwiri kawirikawiri imatha ndi kupuma ndi madzi, akumwa kapena a diripi, ndipo impso zimabwerera mwakale. Yobisidwa mpaka mkodzo kuleka ndi imene imafikitsa munthu pa makina osefa magazi, ndipo ndi imeneyo ingathetsedi ntchito ya usilikali isanayambe. Ngati pakamwa panu palemera, pangani pangano ndi mnzanu wogona naye pafupi kuti aliyense azimufunsa mnzake m'mawa kuti wakodza kangati ndipo unali wotani, ndipo wina akabisa mnzakeyo akanene. Kwa asajeni ndi akopolo amene mukuwerenga: munthu mmodzi wa gulu lanu akapezeka ndi rhabdo pambuyo pa chilango cha onse, tumizani enanso amene mikono kapena ntchafu zatupa, chifukwa ntchito imene yavulaza mmodzi inagwiridwa ndi onse.

Mukatuluka m'chipatala musalumphire pamzere tsiku lomwelo. Dikirani mpaka ululu ndi kutupa zitatha, mkodzo utayera, ndipo magazi atayezedwanso n'kusonyeza kuti CK yatsika ndipo creatinine ali m'malo mwake. Kenaka yambani ndi kuyenda ndi ntchito zopepuka pamalo ozizira, kuthamanga pang'ono pambuyo pake, chikwama ndi masewera a minofu imene inavulala ija n'kubwera pomalizira, zonsezi pa masabata angapo monga dokotala wanenera. Mapiritsi a mtundu wa ibuprofen muwasiye kaye mpaka atakulolezani. Zikakuchitikirani kachiwiri, kapena zikachitika pa ntchito yochepa imene anzanu sanaimve n'komwe, kapena ngati m'bale wanu wina zinamuchitikiraponso, pemphani kuti akufufuzeni mozama, chifukwa pali matenda ena obadwa nawo a minofu amene amaonekera koyamba munthu akayamba ntchito yolemetsa ngati imeneyi.